Liwu Lopanda Chala

Munthu wosenza mtolo sacheuka. Angatsutse ndi amene sanasenzepo. Mashiti makumi awiri ositasita, omangidwa m'nsalu imodzi, akakhala pa nkhata khosi limauma gwa, maso amangoona kumene mphuno yaloza. Ukati ucheuke, mtolo uli m'matope, ndipo kapitao wa kuhotela safuna kumva za matope.

Amene ankachapa zofunda za hotelayo anali amayi asanu ndi mmodzi. Nyumba yochapira inali kumunsi kwa tauni, pamene panali kasupe wa makolo awo tauni isanabwere. Mtundu wawo ndiwo unali woyamba pamalopo. Tauni inawapeza, inawakankhira kuseri kwa njanji, kenaka n'kuyamba kuwafunsa kuti kodi kwanu n'kuti. Kasupe uja anamuvundikira ndi simenti n'kuikapo mipope. Njira imene agogo awo ankapitira kokatunga madzi inatsala, koma yofinyidwa: kumanzere khoma la nyumba yosungiramo katundu, kumanja mpanda wamalata wa bwalo loimikamo malole. Anthu awiri sapatukirana m'menemo. Tsiku lililonse, dzuwa likangopendeka, amayiwo ankadutsa m'kanjirako mondondozana, mitolo pamutu, ulendo wa kuhotela.

Wotsogolera anali mayi wina amene onse ankamutchula kuti Sindichotsa. Dzinalo analitenga kumsika, kumene anagulitsa tomato zaka zambiri osachotserapo munthu mtengo, ngakhale m'busa. Sukulu anailawa zaka ziwiri zokha, koma kuwerenga munthu ankadziwa. Utsogoleriwo sanaupemphe. Unamugwera Kamluzu atasowa.

Kamluzu anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wa mpata pakati pa mano akutsogolo, moti mawu ake onse ankatuluka ndi kamluzu kumapeto. Poti anali wamng'ono pa onse, ankasenza matawulo, mtolo wopepuka, ndipo ndiye ankakhoma geti la kochapira n'kutsatira kumchira kwa mzere. Ntchito inali choncho kuyambira kale: wamng'ono akhome geti. Tsiku limenelo amene anali kutsogolo anali mayi ake omubereka. Anafika kuhotela, anatula, anacheuka, mwana palibe. Atabwerera anapeza mtolo wa matawulo uli pafupi ndi kachitseko kobiriwira ka mpanda wamalata uja, wotulidwa bwinobwino, nkhata ili pamwamba. Ngakhale kafumbi.

Atakanena kupolisi, wapolisi wa pakauntala anafunsa kumene amakhala, ndipo atamva kuti n'kuseri kwa njanji anatseka buku. Anati atsikana a kwanu kuja amangoyendayenda, abwera yekha njala ikamupweteka. Make Kamluzu sanatsogolerenso. Ngakhale kulankhula anasiya, kupatula kupempha sopo.

Sindichotsa anapita kwa kapitao. Anayambira pamwamba monga amachitira munthu wa malonda. Anapempha galimoto, kapitao anaseka. Anatsika, anapempha kuti azidzera msewu waukulu, kapitao anati eni hotela safuna alendo aziona mitolo pageti la kutsogolo. Anatsikanso, anapempha mlonda woti aziwaperekeza, kapitao anati mlonda amalonda katundu wa hotela basi. Sindichotsa anafunsa ngati mashitiwo anali a agogo ake, osati a hotela. Sizinathandize. Kanali koyamba m'moyo wake kuchoka pa malonda chimanjamanja.

Ndiye anapeza njira yake. Dzanja lamanja limagwira mtolo, lamanzere limangolendewera. Kumbuyo kwake kunali anthu asanu, dzanja lili ndi zala zisanu. Akangopitirira kachitseko kobiriwira ankaitana m'chilankhulo cha amayi awo, chimene a malole sachimva, mawu otanthauza kuti tilipo? Aliyense ankayankha motsatana kuti ndilipo, iye n'kumapinda chala. Kachala kakang'ono kanali ka mlamu wake. Kotsatira ka mayi a mapasa. Chapakati cha Nsungwi, mayi wamtali wosasowa nthabwala. Chamkombaphala cha make Kamluzu. Chala chachikulu chinali cha wakumchira. Dzanja likasanduka chibakera, onse alipo, ulendo upitirire.

Wakumchirayo tsopano anali mwana wa Sindichotsa yemwe, amene analowa m'malo mwa Kamluzu podikira zotsatira za mayeso. Ankamuti Wasukulu chifukwa cholembera sichinkachoka m'tsitsi mwake. Mlamu uja analankhula poyera kuti mwanayo aziyenda pakati, geti akhome wina. Sindichotsa anakana. Anati lamulo silingasinthe lero chifukwa mwana ndi wake, mawa anthu anganene kuti wa mnzake anamusiya kumchira, wake wamubisa m'mapiko. Mlamu anati anthu alankhule, pakamwa sipaphika. Iye anati nkhani yatha, ndipo ikatha kwa Sindichotsa yatha ndithu.

Vuto la Wasukulu linali manyazi. Kusukulu anzake ankamuseka akamva chilankhulo cha kwawo, ndiye poyankha ankangong'ung'udza ngati wavumata madzi. Mayi ake anamukalipira kangapo kuti atsegule pakamwa, mawuwo si akuba. Ankasintha tsiku limodzi, mawa wabwerera.

Liwu lija linayamba sabata yachiwiri ya kuwerengako. Zala zisanu zinali zitapindika, Sindichotsa akunyamula phazi, pamene kumbuyo kwenikweni kunamveka kenanso, kowonda, kokhala ndi kamluzu kumapeto.

"Ndilipo."

Liwu limenelo linalibe chala. Palibe anaima, palibe anacheuka, mitolo inali pamutu. Anayenda mpaka kukhomo la kuseri kwa hotela. Atatula, Sindichotsa anamukokera mwana wake pambali n'kumufunsa ngati wayamba kusewera ndi chisoni cha anthu. Atayang'ana nkhope yake analeka. Milomo ya mtsikanayo inali itachita mbuu. Anati mawuwo akuchokera kumbuyo kwake, pafupi, moti amamva kamphepo pakhosi.

Mawa lake zinachitikanso, ndi mkucha womwe. Pamalo pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, popanda mthunzi woti n'kubisalamo ndi mphaka yemwe. Tsiku lina Wasukulu analimba mtima, anatula matawulo n'kuyang'ana. Anaona khoma, malata, ndi mapazi awo pafumbi. Mayi a mapasa anafuna kuti aitane anthu adzapempherere njirayo. Nsungwi anati ngati mtsikanayo alipodi azithandizako kusenza, asamangoyankha ngati bwana. Onse anaseka pang'ono.

Koma make Kamluzu anayambanso kudya. Anachapa duku lake, anayamba kufika woyamba kuntchito. Akamayandikira kachitseko kobiriwira, msana wake unkawongoka ngati wa mtsikana. Ataona zimenezo, palibe anatchulanso zothamangitsa liwulo. Munthu amazolowera chilichonse. Miyezi itapita, Sindichotsa ankapinda zala zake zisanu, n'kudikira lachisanu ndi chimodzi, n'kugunda chibakera pantchafu, basi ulendo.

Chimene sanachizolowere chinali bambo wa pakachitseko. Masiku ena ankapezeka ataima pamenepo, malaya oyera mbee pamalo ponunkha dizilo. Ankawapatsa moni m'chilankhulo chawo. Mawu anali omwewo, koma ankamveka ngati chovala chovalidwa chakunja m'kati. Ankadzitchula malume. Ankati kumzinda waukulu kuli ntchito za atsikana odziwa kulemba, zoti munthu sagwira madzi. Sindichotsa ankangopitirira. Anangoona chinthu chimodzi podutsa: bamboyo sankayang'ana nkhope za anthu, ankayang'ana mapazi, ngati wogula mbuzi.

Tsiku lake linali lotentha kuposa onse. Malata ankathetheka okha. Kuseri kwa mpanda injini ya lole inkalira osasuntha, utsi ukutulukira m'mabowo a dzimbiri n'kudzaza kanjirako. Kachitseko kanali kotseka, bambo uja panalibe. Sindichotsa anapitirira, anayenda mapazi makumi awiri monga mwa masiku onse, anaitana.

Mlamu anayankha, kachala kanapindika. Mayi a mapasa. Nsungwi. Make Kamluzu. Kenaka lachisanu, lapansipansi, lomezedwa ndi phokoso la injini. Chala chachikulu chinagona pa zinzake. Anadikira lotsatira.

Zii. Injini yokha.

Anayenda mapazi ena asanu akudikirabe. Mlamu anatulutsa mpweya n'kunena chapansipansi kuti mwana uja watisiya, wakapuma. Mayi a mapasa anayamika Mulungu. Nsungwi anati waona kuti ntchito yoyankha ilibe malipiro. Sindichotsa nayenso anamva mtolo ukupepuka, koma sanakhulupirire msanga. Kumsika anaphunzira kuti wogula akavomera mtengo msangamsanga, yang'ananso ndalama imene wakupatsayo.

Pamenepo make Kamluzu, munthu amene sankalankhula m'njira, analankhula modekha ngati akunena za nyengo.

"Sanapite. Mwana wanga wayankha."

Sindichotsa anakweza dzanja n'kuyang'ana chibakera chake. Zala zisanu, mawu asanu. Ngati lachisanu linali la Kamluzu, ndiye kuti chala chachikulu chinapindikira munthu amene kulibe. Miyezi yonseyi ankawerenga mawu, sankawamvetsera.

Anaweramitsa mutu, mtolo unagwera m'ngalande ya madzi a mafuta. Kumbuyo kwake kunali anthu anayi otseka njira. Anawauza kuti atule, ndipo poona nkhope yake sanafunse. Mashiti a hotela anapondedwa ngati masamba.

Kachitseko kobiriwira kanali kotsegula pang'ono. Pambali pake panali mtolo wa matawulo, wotulidwa bwinobwino, nkhata ili pamwamba.

M'kati munali bwalo lalikulu lopanda kanthu, simenti yong'aluka, ndi lole imodzi yotchinga kumbuyo ndi lona. Bambo wa malaya oyera anali atagwira mkono wa Wasukulu mofewa, monga amagwirira munthu wodwala pomutengera kuchipatala. Ankayenda pang'onopang'ono kulowera ku loleyo. M'dzanja lina mtsikanayo anali atafumbatabe kiyi wa geti.

"Iwe," anatero Sindichotsa.

Mwanayo anatembenuka. Maso ake anali ngati a munthu wodzutsidwa pakati pa tulo.

"Akuti Kamluzu ali m'lolemo, amayi. Akuti wakhala akundiitana masiku onsewa."

Bamboyo sanadzidzimuke. Anamwetulira, anapereka moni wake wovala chakunja m'kati uja, koma mkono sanausiye. Anati palibe choipa, akungofuna kuti ana awiriwa aonane, ndipo amayi akhoza kudikira panja poti bwaloli ndi la eni ake. Sindichotsa anati atuluka mwana wake ali patsogolo. Bamboyo anati anthu akuluakulu amakambirana, ndipo iye wamva kuti mayiwa ndi katswiri pokambirana.

"Ndimakambirana za tomato," anatero Sindichotsa. "Uyo sali pamsika. Chotsani dzanja."

Kumwetulira kuja kunatsala pamilomo pokha. Anawafunsa kuti akapita kukanena, akanena kwa yani, poti chaka chatha anapita ndipo buku linatsekedwa. Zonsezo bamboyo ankazidziwa. Dalaivala anasuzumira pawindo, injini inakweza mawu. Kuchoka pamene anaima bamboyo kufika ku lona panali mapazi asanu okha, kuchoka pamene anaima amayiwo panali khumi ndi asanu. Sindichotsa anayeza ndi maso, anaona kuti akathamanga safika.

Anatambasula dzanja lamanzere m'mwamba, zala zonse zili njo, n'kuitana m'chilankhulo cha amayi awo. Sanadziwe chifukwa chake. N'chokhacho chimene anali nacho.

Mlamu anayankha kumanja kwake. Mayi a mapasa kumanzere. Nsungwi, wopanda nthabwala tsopano. Make Kamluzu. Chala chachikulu chinatsala chili chiimire. Wasukulu anayang'ana chalacho, anayang'ana mayi ake, ndipo kanthu kanabwerera m'maso mwake. Anatsegula pakamwa, liwu linamveka bwalo lonse, pamwamba pa injini.

"Ndilipo."

Chibakera chinatsekeka. Kenaka linamveka lina lija, lowonda, la kamluzu. Silinachokere m'lole. Linachokera kumbuyo kwa bamboyo, pafupi ndi khutu lake, moti kolala ya malaya oyera inagwedezeka.

Bamboyo anali ataphunzira chilankhulocho, ndiye mawuwo anawamva. Ndipo liwulo analidziwa, nkhope yake inanena yokha. Iye analibe mtolo pamutu. Anacheuka.

Chimene anaona palibe akudziwa. Amayiwo anangoona simenti ndi dzuwa. Koma dzanja lake linatseguka, anabwerera chambuyo akupukuta khutu ngati mwalowa kachirombo, anapunthwa, anadzuka, n'kukwera kutsogolo kwa lole. Sindichotsa anali atamugwira kale mwana wake pakhosi pa diresi. Make Kamluzu yekha ndiye anathamangira kumbuyo kwa lole n'kukweza lona isananyamuke. Munali zingwe ndi matumba opanda kanthu. Anati munkanunkhira sopo wa kuhotela.

Lole inatulukira geti la mbali ina. Wasukulu anasolola cholembera m'tsitsi n'kulemba nambala yake pamkono, pamene panali zala za bambo uja.

Kupolisi anapita onse asanu ndi mmodzi, ndi mashiti amatope omwe. Wapakauntala anali yemwe uja. Anayamba nyimbo yake ya atsikana oyendayenda, Sindichotsa anakhala pansi pakati pa ofesi, anzake anakhala naye. Wapolisi anati alemba za lero zokha. Iye anati mayina ndi awiri. Wapolisi anati za chaka chatha abwere Lolemba. Iye anati mayina ndi awiri, ndipo iwo ndi anthu ozolowera kudikira zovala kuti ziume. Dzuwa lisanalowe buku linatsegulidwa, mayina onse awiri analembedwa, ndi nambala ya pamkono ija. Wasukulu anaima pambali akuwerenga chilembo chilichonse, kuti asalembe zina. Ngati anamupeza bamboyo, kuseri kwa njanji sikunafike uthenga. Kapitao anayamba kukalipa za mashiti, koma atauzidwa kuti akapitiriza akachapa yekha, anapeza ntchito ina yoti achite.

M'mawa mwake anachapanso zonse. Dzuwa litapendeka, mitolo itamangidwa, Sindichotsa anatambasulira mwana wake dzanja kuti amupatse kiyi. Anamuuza kuti apite kutsogolo. Mtsikanayo anati sadziwa kutsogolera, mayi ake anati pakamwa ali napo, dzulo anthu onse anamva. Anamuuzanso kuti asamawerenge ngati mbuzi zolowa m'khola, azimvetsera kuti wayankhayo ndani. Mlamu anatsegula pakamwa kuti akumbutse zimene ananena kale, Sindichotsa anamuyang'ana, anatsekanso.

Mzere unanyamuka. Sindichotsa anakhoma geti, anasenza, koma sanatsatire nthawi yomweyo. Analankhula ndi mpweya wa pambali pake, mwa mawu amene amalankhulira ndi mwana wochedwa kuvala.

"Tiye, pita patsogolo panga. Kumchira kuli ine tsopano."

Anasiya mpata wa munthu mmodzi pakati pa iye ndi make Kamluzu, ndipo mpatawo sanaupondemo.

Kachitseko kobiriwira kanali kokhomedwa ndi unyolo. Atakapitirira, Wasukulu anaitana, mokweza, m'chilankhulo cha agogo ake. Mlamu anayankha. Mayi a mapasa. Nsungwi. Make Kamluzu. Kenaka kamluzu kaja, kuchokera mu mpata wa kutsogolo kwa Sindichotsa. Sindichotsa anayankha lake, lolemera ngati mwala, n'kuganiza kuti zatha.

Sizinathe. Kumbuyo kwake, kutali, cha kumene kunali kasupe, kunamveka liwu lina la mtsikana. Sanalidziwe. Linali lamanyazi, ngati la munthu amene wakhala nthawi yaitali osafunsidwa.

Tsitsi linamuimirira pansi pa nkhata. Kucheuka sakanatha, ndipo sanafune. Anaima, anapanikiza phewa lake kukhoma, anagwira mtolo ndi manja awiri kuti njira itseguke.

"Dutsa, mwana iwe," anatero. "Fulumira, tikuchedwa."